Ulusi Wofiira pa Mkono Wamanzere

Baltimore,
17 Malichi 1996

Okondedwa achemwali anga a Mangafoula,

Ndikudziwa kuti mukangoona kalembedwe kanga pa envulopu mufuna kuiponya mu uvuni pamodzi ndi nkhuni. Chonde yambani mwawerenga, kenaka muitenthe, mapepala a kuno amayaka bwino. Muli bwanji kumeneko? Bondo lija likukulolani kukwera masitepe a kutchalitchi? Nanga alamu a Komnianos akupeza bwanji ndi chifuwa chawo m'nyengo yamphepo ino? Zaka zisanu ndi zinayi zapita ndisanakufunseni mafunso amenewa, ndiye musadabwe kuti atuluka onse pakamodzi.

Ife kuno tilipo. Amuna anga a Minas akadali kupenta milatho. Amalendewera pachingwe pamwamba pa madzi tsiku lonse, akafika kunyumba amanunkha ngati chitseko chatsopano. Dokotala anawauza kuti asiye, iwo akuti dokotalayo ayambe wawapezera ntchito ina yoti munthu azionera nyanja. Ine ndikadali pa makina anga m'kashopu kochapira zovala, kufupikitsa mathalauza a anthu ndi kusintha mazipi. Maso ayamba kuvuta, ulusi umalowa pasingano ndikayesa kachitatu. Chisanu chaka chino chatikhaulitsa. Mu Januwale chipale chofewa chinatitsekera m'nyumba masiku atatu, ndipo paipi ya m'khitchini inaphulika n'kunyowetsa ufa wanga wonse.

Mwana wanga Ernia wakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ndalemba dzina lake dala, ngakhale ndikudziwa kuti ndi lomwe linatidanitsa. Akuphunzira unamwino. Chigiriki amalankhula ngati ali ndi mwala m'kamwa, koma kutukwana kokha amatukwana molongosoka, anatengera bambo ake.

Nkhani imene yandigwiritsa cholembera ndi iyi. Lamlungu lapitali, titatuluka m'mapemphero, anatiitanira mu holo ya kutchalitchi kuti kwabwera mayi wojambula zithunzi wa ku Thessaloniki, dzina lake Danai. Wakhala zaka zinayi akuyenda m'midzi ya kumapiri ndi ya kuzilumba, kujambula anthu atavala zovala za makolo awo, aliyense ataima pamunda pake kapena pakati pa nkhosa zake. Ine sindinkafuna kupita. Zithunzi zoterezi ndimazidziwa. Amatenga kamtsikana ka m'tauni, kukaveka zobwereka, duku n'kumanga chammbali, kenaka kukaimika pamwala katanyamula mtsuko wopanda madzi. Koma a Kalitsa, a kumunsi kwa zigayo zamphepo aja, anandigwira pamkono n'kunena kuti tiye iwe, akuti muli a kwathu mmenemo. A Kalitsa sungawakane. Zaka makumi asanu ndi atatu, koma dzanja likadali lokanda mtanda wa buledi.

Zinali zithunzi zikuluzikulu, achemwali, chilichonse ngati chitseko. Abusa a kumpoto ndi makhoti awo aubweya, akwatibwi a kuchigwa, nkhalamba ina itagwira mfuti ya agogo ake. Ndinkangodutsa. Kenaka pakhoma lakumapeto ndinakupezani inu.

Munaima padwale lathu lopunthira tirigu la kuminda ku Avlona, la pafupi ndi mkuyu lija. Kumbuyo kwanu kuli mpanda wamiyala umene Atate anamanga, ndipo pogumuka paja pakadali pogumuka, muwauze alamu kuti Baltimore yense waona. Tirigu anali atacha, mphepo itamugoneka mbali imodzi. Munavala jombo zanu zachikopa cha mbuzi ndi duku lakuda lamaluwa, lomangidwa mmene amamangira munthu wodziwa. Mwakula, achemwali. Sindikunena mwachipongwe, nanenso imvi zadzaza, koma m'mutu mwanga munkakhalabe mmene ndinakusiyirani. Ndinamva fungo la dwale lija, fumbi la mapesi ndi thukuta la bulu, mpaka ndinaiwala kuti ndaima mu holo yonunkha khofi.

Ndipo munavala kavai ya Amayi, chovala chachitali chija cha akazi a kwathu. Osati yanu ya masiku onse, koma ya m'bokosi ija, imene inachokera kwa agogo awo, ya maluwa a silika wofiira m'mikono. Mkono wamanzere munaupinda pachifuwa, kulozetsa kwa wojambula. Pamenepo, pamwamba pa chigongono, panali kamalo kaja kotalika ngati chala, kamene ulusi wake sufanana ndi unzake. Pachithunzi chachikulu chotero kanakula ngati chikhatho changa.

Mayi Danai anali akufotokozera gulu la anthu, ena a kwathu, ena a konkuno. Analoza kamalo komweko n'kunena kuti taonani nzeru za amayi akale, ankasoka dala kachigawo kamodzi mokhotakhota ndi ulusi wosiyana, kuti diso la munthu wansanje likodwe pamenepo lisafike pa wovala. Anthu anagwedeza mitu, bambo wina mpaka analemba m'kabuku. A Kalitsa anasendera pafupi, mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi, n'kunena mokweza mwa chikwathu kuti bodza lenileni ili, diso lanji, apa panang'ambika ndipo anasoka ndi mwana waulesi wothamangira kosewera. Akuti ulusiwo si silika n'komwe, ndi ubweya wa pamphonje za chishalo cha bulu, ndipo amene anachita zimenezi ankayenera kumenyedwa zala ndi chipande. Kenaka anatembenukira kwa ine, akuti iwe Rigopoula, si ndiwe telala iwe, tawauza anthuwa, munthu wa manja awiri angasoke chonchi? Ndinayankha kuti ayi mayi, sangasoke choncho. Nkhope inkandiyaka moto.

Achemwali, inu ndi ine tikudziwa amene anasoka. Koma sindinanenepo ndi pakamwa panga, ndiye lero ndilemba. Papita zaka makumi atatu ndi zitatu, koma mlandu suola.

Unali mwezi wa Juni, nonse muli ku Avlona kokolola. Amayi anandituma kumudzi kukatenga chotupitsira buledi ndi kumwetsa nkhuku. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, inu khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Malo anga ndinkawadziwa, palibe anandibisira. Inu ndinu kanakara, mwana wamkazi woyamba, dzina la agogo ndi lanu, nyumba ndi yanu, minda ya Amayi ndi bokosi ndi zanu. Ine ntchito yanga inali kukuvekani. Chaka ndi chaka ndinkatulutsa kavai ija, kuiyanika pamthunzi, kuikutumula, kukumangani lamba, kukukonzani duku, kenaka n'kukaima kumbuyo ndi atsikana anzanga obadwa achiwiri kumaonerera mukuvina. Sindinkadana nanu. Ndinkangofuna kudziwa kulemera kwake ikakhala pamapewa, poti ine ndinkaidziwa m'manja mokha.

Kiyi wa bokosi anali kuseri kwa chithunzi cha Nikolasi Woyera, monga nthawi zonse. Ndinavala. Inali yolemera kuposa mmene ndinkaganizira, yozizira, yonunkhira masamba amene Amayi ankaika m'bokosi. Kalilole wathu uja ankaonetsa nkhope yokha, ndiye ndinathamangira panja kuti ndikadzione m'madzi a mumgolo. Sindinafike. Msomali wa pachitseko, wokolekapo nyali uja, unandikola mkono, ndinangomva kuti kwee! Mpaka lero kushopu nsalu ikang'ambika m'manja mwa munthu, mtima wanga umadumpha. Silika m'nyumba munalibe. Ndinasolola ulusi pamphonje za chishalo, ndinasoka, ndinabweza m'bokosi, n'kubwerera ku Avlona nditaiwala chotupitsira chija. Choncho kavai ndinaivala kamodzi m'moyo wanga wonse, ndipo sindinadzione.

Amayi anazipeza mu Ogasiti, m'mawa wa phwando la Namwali Maria, tikukuvekani. Anafunsa kamodzi kokha kuti ndani. Ine ndinali nditagwada ndikukumangani jombo. Munayang'ana mkonowo, munayang'ana pansi pamene ndinali ine, n'kunena kuti ndine Amayi, ndinkaiyesa pandekha. Mbama ija inalira mpaka nkhuku zinathawa pakhomo. Chaka chimenecho simunavine. Munakhala m'nyumba tsiku lonse zeze akulira pabwalo la tchalitchi, ndipo ine ndinapita kukaonerera gule ngati palibe chachitika. Mukadanena zoona, sikukanakhala kumenyedwa kokha. Mwana wachiwiri wovala za kanakara, amuna akanamupekera nyimbo pagule pomwepo, ndipo bwenzi akuiimba mpaka lero. Simunandikumbutse ngakhale tsiku limodzi. Inenso sindinathokoze ngakhale tsiku limodzi.

Ndiye taonani mmene ndinakubwezerani. Mulungu atakupatsani anyamata okhaokha, ine nditabereka wamkazi kuno, ndinamutcha dzina la Amayi osakufunsani, dzina limene linkadikira mwana wanu. Ndinkati ndikufuna kumamva dzina la Amayi m'nyumba ya kuchilendo, ndipo zinali zoona. Koma ndinkadziwanso mmene zimamvekera kwathu, kuti wotenga dzina ndiye kuti akuloza bokosi. Pa maliro a Amayi, kuuvuni kuja, mutandifunsa ngati ndabwera kudzalira kapena kudzayeza nyumba, ndikanangokhala chete. Munali musanagone masiku anayi, munawadwazika nokha chaka chathunthu ine ndili kuno. Koma pakamwa panga mumapadziwa. Ndinati bokosi lopanda mwana wamkazi ndi chakudya cha njenjete. Azimayi asanu ndi mmodzi anamva. Munapukuta ufa m'manja n'kunena kuti sitima imanyamuka padoko la Diafani Lachinayi, ndipo ine ndinakwera. Mawu amenewo ndawatafuna zaka zisanu ndi zinayi, sakumezeka. Ndinalakwa, achemwali. Pepani.

Tibwerere mu holo muja. Anthu atapita kukamwa khofi, ndinamutsatira mayi Danai panja. Ndi munthu wabwino, wa tsitsi lalifupi, amasuta fodya ngati chumuni cha sitima. Sindinamuuze kuti ndine ndani, ndinangofunsa kuti mayi wa padwale uja munamupeza bwanji. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti mwa anthu onse a m'zithunzi zake palibe anamuvutitsa ngati ameneyo. Masiku atatu ankafika pakhomo panu ndi kamera yake yamiyendo itatu, inu n'kumamuuza kuti ine si mbuzi yoti undiimike pamwala alendo azindiloza, pita ukajambule amuna a pamalo omwera khofi, ndi amene alibe ntchito. Tsiku lachitatu munamupatsa buledi wotentha n'kumuuza kuti adye azipita, wawonda ngati mphaka wa kudoko. Ndinati mumtima, amenewo ndi achemwali anga, palibenso wina.

Akuti akudya buledi uja munamufunsa kuti kodi zithunzizo zimakathera kuti. Anatchula Atene, Thessaloniki, n'kuwonjezera kuti Agiriki a ku Amereka amuitananso, ku New York ndi ku Baltimore. Akuti munapitiriza kukanda mtanda, kenaka munati mawa m'mawa ukandipeze ku Avlona, usachedwe, dzuwa likakwera ndili ndi ntchito. Anakupezani mutavala kale kavai ya m'bokosi. Iye ankafuna kuti mutembenukire kumanja, kuti kuwala kugwe bwino pankhope ndi kuti phiri lioneke kumbuyo. Inu munati kumanzere, apo ayi longedza katundu wako. Atalowetsa mutu m'nsalu yake yakuda ija, munamufunsa kuti kodi chimakina chakocho chimaona ulusi? Anayankha kuti chimaona ngakhale tsitsi limodzi. Munati chabwino, jambula.

Nkhani ya diso la nsanje ija akuti anaiganiza yekha, chifukwa atakufunsani za ulusiwo munangoti mwini wake akudziwa. Ndinamusiya akhulupirire zake, n'zokoma kuposa zoona. Anandipatsa kachithunzi kakang'ono ka chomwecho. Ndakaimika pa makina anga, ndipo sabata ino ndasoka zipi ya munthu chozondoka.

Ndakhala ndikuyang'ana nkhope yanu pamenepo kuti ndidziwe chimene munkanena, koma nkhope yanu ndi ya Amayi, siwerengeka. Mwina munkati ona iwe wapakamwa, ona chimene ndinakusenzera, uchite manyazi pamaso pa anthu a kwanuko. Ngati ndi choncho zatheka, manyazi ndachita, a Kalitsa anakuthandizani osadziwa. Mwinanso munkandiitana. A Minas akuti munthu sangayende maola awiri ndi bondo lotupa, atavala nsalu yolemera m'dzuwa la Juni, kuti akangotukwana mng'ono wake. Ndinawauza kuti akazi a kwathu simuwadziwa inu. Ernia anaima nthawi yaitali patsogolo pa chithunzi chachikulu chija, kenaka anati Amayi, amayi aakulu aima mmene mumaimira inu mukamadikira kuti wina ayambe kupepesa. Ndinamuuza atseke pakamwa, koma mwanayo amaona.

Pempho langa ndi limodzi. Ndikufuna kubwera mu Ogasiti pa phwando. Ndapukwa, achemwali. Ndapukwa mphepo ija yosalola munthu kuyanika zovala, mabelu a mbuzi m'mawa, makarounes anu, timakaroni tija ta anyezi wokazinga, ngakhale miseche ya kuuvuni ndaisowa. Kuno ndikatsegula zenera ndimaona khoma la njerwa ndi zovala za Mpolishi woyandikana nafe. Ndikufuna kukaima pamanda a Amayi, mtanda wawo sindinauone. Koma mukudziwa kuti kumudzi kwathu ku Olimbos mwana wachiwiri alibe chitseko chake. Ndingathe kuchita lendi chipinda ku Diafani ngati mlendo wodzaona malo, n'kumakwera basi m'mawa anthu akundiloza, koma zimenezo sindichita. Ngati chitseko chanu chili chotseka, sindibwera. Ndikupempha kuti mundilole ndidzagone m'nyumba ya Amayi, pamalo anga akale, pansi pa bedi lamatabwa paja. Sindinanenepe kwambiri, ndikwanabe.

Za nyumba, minda ndi bokosi, mtima wanu ukhale m'malo. Ndi zanu, mudzapatsa amene mwafuna, ine sindidzatsegula pakamwa, ndipo mukudziwa kuti kwa ine limenelo si lonjezo laling'ono. Ernia safuna kanthu, moyo wake uli kuno. Kavai sindikupempha kuivala. Ndikufuna kudzakuvekani m'mawa wa phwando monga kale, ndigwade ndikumangeni jombo, poti ndi bondo limenelo sindikudziwa amene akukumangani masiku ano.

Mundiperekere moni kwa alamu a Komnianos. Moni kwa mwana wanu Filippas ndi mkazi wake, ndi kamwana kawo kamene ndinachita kumva kwa a Kalitsa kuti kanabadwa. Moni kwa Andreas ku Rodo, mumuuze kuti amayi ake aang'ono akumukumbukabe ali ndi mano awiri. Moni kwa azakhali a Sofila ngati akumvabe, ngati sakumva muwakuwire. A Minas akupereka moni kwa nonse. Ernia akuti ndilembe kuti akufuna kuphunzira kumanga duku, ine ndamuphunzitsa koma akuti la pachithunzi lakhala bwino kuposa langa.

M'envulopu muno mupeza kaulusi kafupi kokulungidwa m'pepala. Ndi silika, wofiira weniweni wa kavai. Ndinaupeza chaka changa choyamba kuno, m'kasitolo ka nkhalamba ina yogulitsa mabatani, ndipo ndinauzindikira ndikadali pakhomo. Wakhala m'kabati ya makina anga zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, sindinadulepo mpaka lero. Muuike pamkono paja, padzuwa, muone ngati ndanama. Manja anga tsopano akudziwa ntchito. Ndingathe kuchotsa ubweya wa pachishalo uja n'kusoka mwakuti ngakhale a Kalitsa sangapeze malo ake. Koma mkono ndi wanu, ndipo mbama inagwa pa inu. Mukati pakhale mmene palili, singano ndidzaibweza m'thumba.

Ndikudziwa kuti kulemba simukonda. Simufunika kulemba liwu. Ngati chitseko chili chotsegula, mungobweza kaulusi aka mu envulopu, ndidzabwera nako ndekha pamodzi ndi wotsalawo. Wa positi amadutsa pano cha m'ma leveni, ndipo makina anga ndawasunthira pafupi ndi zenera.

Tsalani ndi Mulungu ndi Namwali Maria.

Ndine mng'ono wanu, amene ndinasoka pamenepo,
Rigopoula